Nawonso angaphunzire kudzisamala ndi kudziteteza

Ine ndine mtsikana wa ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, ndipo chino n'chaka changa chachitatu ndili mlangizi wa achinyamata anzanga. Ndiyambe ndi funso. Kodi m'mudzi mwanu mulibe mnyamata kapena mtsikana amene anthu amangoti "wozerezeka uja"? Amene analekezera Sitandade 2 atabwereza katatu, amene amatumidwa kumjigo ndi kuchigayo koma pazokambirana saitanidwa? Nanga m'kaundula wa kalabu yanu dzina lake lilimo?

Yankho ndikulidziwa, chifukwa nafenso m'kalabu yathu munalibe. Chonsecho kunyumba kwathu kuli mng'ono wanga wa zaka 16 amene ali ndi vuto lomweli. Loweruka lililonse ndinkapita kukaphunzitsa ana a eni za kudziletsa ndi kupewa Edzi, iye n'kumusiya pakhonde akusewera ndi timiyala. Ndinkati nkhanizi sangazimve, komanso sizikumukhudza. Pa zonse ziwirizi ndinkalakwitsa.

Kodi ulumali wa ubongo n'chiyani?

Munthu wa ulumali wa ubongo amatenga nthawi yaitali kuti amve chinthu, achigwire ndi kuchikumbukira, poyerekeza ndi anzake a msinkhu wake. Amachedwa kuyankhula, kuvala yekha, kuwerenga ndi kuwerengera ndalama. Vutoli limayamba munthu ali mwana ndipo limasiyana kukula kwake. Ena limakhala lochepa moti amalima, amagulitsa pamsika ngakhale kukhala pabanja. Ena amafunika wowathandiza moyo wawo wonse.

Si misala ayi. Misala ndi matenda amene angagwire munthu amene anali bwinobwino, ndipo ali ndi mankhwala ake kuchipatala. Ulumali wa ubongo ulibe jakisoni kapena piritsi loti uthe. Si khunyunso, ngakhale kuti ena amakhala ndi zonse ziwiri. Komanso supatsirana, mutha kudyera mbale imodzi popanda vuto.

Zoyambitsa zake n'zambiri. Mwana akachedwa kupuma pobadwa, mayi akamamwa mowa ali woyembekezera, m'thupi mwa mayi mukasowa mchere wa ayodini, mwana akanyentchera kwambiri, akavulala m'mutu, kapena akadwala matenda oumitsa khosi, ubongo utha kuwonongeka. Ena amabadwa ndi Down syndrome, yomwe sibwera chifukwa cha kulakwa kwa mayi kapena bambo. Mng'ono wangayu anabadwa bwinobwino. Ali ndi zaka zitatu anadwala malungo aakulu ogwira ubongo, anakomoka masiku angapo ali kuchipatala chachikulu cha Gulupu. Moyo anapulumuka, koma anachita kuyambiranso kuphunzira kuyenda ndi kuyankhula. Anthu ena pamalo pathu ankanong'onezana kuti bambo athu anamukhwimira kuti akhale ndondocha, okala yawo iziyenda malonda. Bodza lenileni. Udzudzu ndi umene unachita zimenezi, ndipo okalayo inagwa kalekale.

Anthuwa si ochepa. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali wina wake, ndipo mwa anthu aulumali 100 aliwonse, pafupifupi 16 vuto lawo ndi la kuphunzira ndi kukumbukira. Ndiye ngati simukuwaona, si kuti kulibe. Amabisidwa kuseri kwa nyumba.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi Edzi?

Thupi silidikira nzeru za m'kalasi. Mtsikana wa ulumali wa ubongo amatha msinkhu ngati wina aliyense, mawere amamera, msambo umayamba. Mnyamatanso mawu amasintha ndipo chilakolako chimabwera. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timamva za kusinthaku kusukulu pa phunziro la Life Skills, kukalabu, pawailesi ndi kwa anankungwi, pomwe iwo palibe amawauza. Timapepala timene timagawa sangawerenge. Zikwangwani za mumsewu n'zolemba zokhazokha.

Anthu a mitima yoipa amadziwa zimenezi. Amadziwa kuti mwanayu anazolowera kumvera aliyense wamkulu, amakondwa ndi kamphatso kakang'ono, ndipo akakanena kunyumba anthu adzati "aaa, ameneyu amangobwebweta". Palinso bodza loopsa lakuti kugona ndi munthu waulumali kapena namwali kumachotsa kachirombo ka HIV m'thupi, kapena kumabweretsa chuma. Tinene mosapita m'mbali: kachirombo sikachoka choncho. Wochita zimenezi amangopatsira mnzake kachirombo, iye kali nakobe, ndipo wapalamula mlandu waukulu woti akaseweze kundende. Zimachitikiranso anyamata, osati atsikana okha.

Makolo ambiri poopa zimenezi amangomutsekera mwana m'nyumba. Koma nthawi zambiri wochita nkhanza amakhala munthu wodziwika, wachibale kapena woyandikana naye nyumba, ndiye loko sateteza. Komanso makolo sadzakhalapo mpaka kale. Chimene mwana angayende nacho paliponse ndi chimene waphunzira.

Tingawaphunzitse bwanji?

Poyamba ndinkaphunzitsa mng'ono wanga monga ndimachitira kukalabu: kuyankhula kwa theka la ola, kenako n'kufunsa kuti "wamva?" Iye ankati "eee", mawa lake zonse zauluka. Ndinkapsa mtima mpaka kumukalipira. Mphunzitsi wina amene anachita maphunziro a ana ofunika thandizo lapadera ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndi amene ananditsegula m'maso. Anati vuto silinali mwana, koma kaphunzitsidwe kanga. Nazi njira zimene ndinatolako ndipo ndaziona zikugwira ntchito.

1. Gawani ntchito m'tizigawo. Ife timati "kachape" ngati ndi ntchito imodzi, koma muli ntchito zisanu ndi ziwiri: kusankha zovala zakuda, kutunga madzi, kunyika, kupaka sopo ndi kufikisa, kutsukuluza, kufinya, kuyanika. Phunzitsani kagawo kamodzi mpaka akagwire, kenako onjezerani kena.

2. Yambirani kumapeto. Ine ndinkachapa zonse, iye n'kumusiyira kuyanika kokha. Akayanika ankaona kuti ntchito wamaliza ndi iye, ndipo ankanyadira. Atazolowera ndinamuonjezera kufinya, kenako kutsukuluza, kubwerera m'mbuyo choncho mpaka poyambira. Zinatitengera miyezi inayi. Lero amachapa yekha, ndipo amayeretsa kuposa ine.

3. Onetsani, musangonena. Choyamba chitani inu iye akuona. Kachiwiri chitirani limodzi, mutamugwira manja ngati pakufunika. Kachitatu achite yekha inu muli pambali. Thandizo lanu lizichepa pang'onopang'ono. Musamulande ntchito chifukwa choti akuchedwa.

4. Gwiritsani ntchito zinthu zenizeni pamalo enieni. Kusamba m'manja aphunzirire pa mpondagiya wa pachimbudzi penipeni, ndi sopo weniweni. Zimene waphunzira pabolodi zimamuvuta kuzisamutsira kunyumba.

5. Mawu akhale ochepa, ndipo akhale omwewomwewo tsiku lililonse. Osaphiphiritsa. Mukati "usamasewere ndi anyamata", iye amva za mpira ndi phada. Mukati "uzisamala", sadziwa kuti asamale chiyani.

6. Nthawi ikhale yochepa. Mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse n'zabwino kuposa maola awiri kamodzi pamwezi. Akatopa, lekani.

7. Yamikirani pomwepo, ndipo tchulani chimene wachita bwino: "Wakhoza, wafinya bwino malaya." Kumenya ndi kunyoza kumangomuphunzitsa mantha, ndipo mwana wamantha ndi amene sadzaulula akachitidwa chipongwe.

Kuti mudziwe ngati wamva, musafunse kuti "wamva?" Ambiri amavomera chilichonse pofuna kukusangalatsani. Muuzeni kuti "tandionetsa". Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pantchito iyi mawuwa ndi oona.

Maluso a tsiku ndi tsiku

Yambani ndi za pathupi: kusamba, kutsuka mano, kuvala, kupita kuchimbudzi ndi kutseka chitseko. Munthu amene amadzisambitsa yekha safuna wina woti azimuvula, ndipo apa chitetezo chayamba kale. Kwa atsikana, za msambo ziyambe kuphunzitsidwa msambowo usanayambe, kuti tsikulo likadzafika asadzaone ngati wavulala. Amayi kapena achemwali amuonetse kavalidwe ka nyanda kapena padi, kusintha kwake, kuchapa ndi koyanika. Anyamata aphunzitsidwe ndi amuna anzawo.

Kenako ndalama. Mng'ono wanga manambala amamusokoneza, ndiye tinayamba ndi nkhope za pandalama. K200 anaigwira tsiku limodzi chifukwa pali mayi, Rose Chibambo. Koma K500 ndi K2,000 zonse zili ndi John Chilembwe, ndipo K1,000 ndi K5,000 zonse zili ndi Kamuzu Banda, ndiye apa tinachita kuphunzira mtundu wa pepala lililonse. Tinkasewera sitolo pakhonde ndi ndalama zenizeni, ine wogulitsa iye wogula. Atazolowera tinapita mumsika wa Limbe, iye akugula tomato ine nditaima kumbuyo kwake. Lamulo lake ndi limodzi: "Ndapereka ndalama, ndidikire chenji."

Ulendonso ndi luso. Kuwoloka msewu tinabwereza kosawerengeka: ima, yang'ana kumanja, kumanzere, kumanjanso. Kukwera minibasi ya Bangwe kupita ku Limbe tinayamba nditakhala naye mpando umodzi, kenako ine kumbuyo iye kutsogolo, akulipira yekha kwa kondakitala ndi kunena yekha potsikira. M'thumba mwake mumakhala kapepala ka dzina la amayi ndi nambala ya foni. Inu akumudzi mutha kuchita chimodzimodzi ndi njira ya kuchigayo, kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi kuchipatala.

Musaiwale ntchito ya manja: kuthirira dimba, kudyetsa nkhuku ndi mbuzi, kusankha mtedza, kuluka mphasa. Koma pali kusiyana pakati pa kuphunzitsa ntchito ndi kudyera munthu masuku pamutu. Tonse tikuwadziwa anyamata amene amatungitsidwa madzi tsiku lonse n'kulipidwa nsima ya dzulo. Akagwira ganyu alipidwe ngati wina aliyense.

Thupi langa ndi langa

Ili ndiye phunziro limene ambiri timaliopa, koma ndi lofunika kuposa onse. Ife tinaligawa motere.

Choyamba, mayina a ziwalo. Mwana adziwe kutchula mawere, matako ndi kumaliseche monga amatchulira mphuno ndi khutu. Ndikudziwa kuti pachikhalidwe chathu mawuwa ndi olemera pakamwa, koma amene alibe mawu sangathe kufotokoza chimene chamuchitikira. Tinajambula munthu papepala n'kupaka mtundu wofiira malo onse obisika ndi zovala zam'kati. Malo ofiira sagwidwa ndi munthu wina, kupatula amayi pomuthandiza kusamba, kapena adokotala pomwe amayi ali pomwepo.

Chachiwiri, mawu atatu: Kana, Thawa, Nena. Kana mokweza kuti "Ayi, sindikufuna!" Thawira kumene kuli anthu. Nena kwa munthu amene umamukhulupirira. Tinasankha anthu atatu n'kuwaika pa zala zake: amayi, ine, ndi mayi ena a kutchalitchi kwathu. Woyamba akapanda kumva, apite kwa wachiwiri.

Chachitatu, mphatso ndi chinsinsi. Lamulo lathu ndi lakuti chilichonse chimene wapatsidwa akaonetse amayi, ndipo munthu akati "usauze aliyense", chimenecho ndiye choyenera kunena msanga.

Zonsezi tinkazichita m'masewero. Mnzanga wa kukalabu ankakhala bambo wonyengerera atanyamula switi, mng'ono wanga n'kumayeserera kukana. Poyamba ankangoseka n'kulandira switiyo. Tinabwereza milungu yambiri, tikusintha munthu, malo ndi mphatso, kuti asaganize kuti woopsa ndi wa switi yekha. Kunyumbanso tinayamba kulemekeza "ayi" wake. Akakana kukumbatiridwa ndi mlendo sitimukakamiza, chifukwa sungaphunzitse munthu kukana uku ukumulanga akakana.

Chaka chatha tsiku lina madzulo anabwera akuthamanga, thukuta lili kamukamu, ndiwo zimene anatumidwa atazitaya panjira. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achemwali, ndanena ayi." Titamukhazika pansi anafotokoza kuti bambo wina amene tonse tinkamudziwa anamupatsa K200 ndi kumuuza kuti alowe m'nyumba akaone filimu, koma asauze amayi. Anazindikira ndalamayo, anazindikiranso mawu akuti "usauze". Tinamukhulupirira, ndipo nkhaniyo tinakaitula kwa amfumu ndi kupolisi. Usiku umenewo sindinagone, ndinkangoganiza kuti zikanatha bwanji ndikanapitiriza kumusiya pakhonde paja.

Tisaiwalenso kuti anzathuwa akakula, ena amafuna chibwenzi ndi banja, ndipo ndi ufulu wawo. Amene afika pamenepo auzidwe zoona za mimba, matenda opatsirana pogonana, kuyezetsa magazi ndi kondomu, moonetsa ndi mobwereza monga maluso ena onse. Amene ali ndi kachirombo athandizidwe kumwa ma ARV tsiku lililonse. Kalendala yojambula, yoti azichonga akamwa, imathandiza kwambiri, koma pakhale wamkulu woonetsetsa.

Zoipa zikachitika

Nthawi zina mwana sanena ndi pakamwa. Mukaona kuti wayamba kuopa munthu wina wake, kukodza pogona pomwe anasiya, kuyenda movutika, kapena ali ndi ndalama zosadziwika kochokera, fufuzani modekha. Ngati wagwiriridwa:

Mukhulupirireni ndipo musamukalipire. Wolakwa si iye.

Asasambe, ndipo zovala zimene anavala musachape. Zitengeni popita kuchipatala.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Kuli mankhwala otchedwa PEP amene amateteza munthu kuti asatenge kachirombo ka HIV, koma ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndiye kuti masiku atatu, ndipo amamwedwa kwa masiku 28. Kulinso mankhwala oteteza mimba yosayembekezera. Kuno ku Blantyre, ku Gulupu kuli malo a Chikwanekwane kumene achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi. Kwanuko pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi.

Kaneneni kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Muthanso kuimba foni mwaulere pa 116, nambala yothandiza ana. Nkhani yogwiririra si yokambirana pabanja n'kulipitsana mbuzi kapena nkhuku. Wolakwa akasiyidwa, mawa agwira mwana wina.

Sitili tokha

Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Mu 2009 dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, mu 2012 linakhazikitsa lamulo la anthu aulumali, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo latsopano lolowa m'malo mwake. Lamulo latsopanoli ndi limene linasintha bungwe la MACOHA, lija linayamba mu 1971, kukhala MACODA. Palinso FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali umene unayamba mu 1999, ndi PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali. Kumudzi, yambirani kwa alangizi a zaumoyo, aphunzitsi aakulu a sukulu yanu, ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya paboma.

Okonda masewera dziwani za Special Olympics, masewera a anthu a ulumali wa ubongo, amene aliponso kuno ku Malawi. Anayambitsa ndi mayi Eunice Kennedy Shriver ku America mu 1968, ndipo mayiwa anali ndi mchemwali wawo wa ulumali womwewu. Mu February 2014 bungweli pamodzi ndi mtsogoleri wa dziko lino wa nthawi imeneyo, mayi Joyce Banda, linachititsa msonkhano wa atsogoleri a mu Africa wokamba za ulumali ku Lilongwe.

Kalabu yanu ingachite chiyani mwezi uno?

Simufunika ndalama kapena galimoto ya bungwe. Lembani mayina a achinyamata a ulumali wa ubongo a m'midzi yanu. Pitani awiriawiri kukacheza ndi makolo awo mwaulemu, mufotokoze cholinga chanu, ndipo mupemphe chilolezo. Funsaninso mwini wakeyo ngati akufuna kubwera ndi chimene akufuna kuphunzira. Aliyense akhale ndi mnzake womutenga ndi kumubweza kunyumba, mtsikana kwa mtsikana, mnyamata kwa mnyamata, ndipo maphunziro azichitikira poonekera, osati awiri m'chipinda. Mupatseni udindo weniweni, monga kuliza belu, kusunga mpira kapena kuyambitsa nyimbo. Ndipo mayina aja akuti chitsiru, chidempete, wozerezeka, athe. Munthu aliyense ali ndi dzina lake.

Mng'ono wanga tsopano amabwera kukalabu Loweruka lililonse. Kuwerenga sadziwabe, mwina sadzadziwa. Koma pa sewero la Kana, Thawa, Nena, amatsogolera ndi iye, ndipo mamembala atsopano amaphunzira kwa iye.

Mafunso okambirana pakalabu

1. Kodi m'dera lanu anthu amati ulumali wa ubongo umayamba chifukwa chiyani? Ndi ziti zoona, ndi ziti zabodza?

2. Sankhani ntchito imodzi, monga kutsuka mbale kapena kuthirira mbewu. Igaweni m'tizigawo. Mwapeza tingati?

3. Mtsikana wa ulumali wa ubongo wakuuzani kuti amalume ake amamugwira malo obisika, koma amayi ake akuti akunama. Mungachite chiyani, ndipo mungayambire kwa ndani?

4. Kuchokera m'mudzi mwanu, chipatala chimene mungapezeko PEP chili kuti, ndipo mungafikeko bwanji usiku?